Mphipi ya a Musaphethire

Tsiku limene anadziwana, mtsikanayo anabwera kudzakangana. Anali atangophunzira kumene utelala, ndipo kufakitale yosoka mayunifomu kumene ankafuna ntchito anamuuza kuti abweretse kachithunzi ka nkhope komata pa khadi. Anajambulitsa m'kasitudiyo kena kopanikizika pakati pa wometa ndi wokonza mawotchi, m'kanjira kamene madzi amvula sankaphwa msanga. Wojambulayo anali mnyamata wamtali, wowonda, wa zala zofiirira ndi mankhwala otsukira zithunzi. Asanadine kamera ankakweza chala n'kunena kuti, "Musaphethire!" Ankatero kwa aliyense, ngakhale kwa khanda la m'manja, mpaka mawuwo anasanduka dzina lake.

Atabwera kudzatenga kachithunziko, mtsikanayo anakayang'ana, kukatembenuza, n'kukayang'ananso. Bulauzi yoyera inatuluka bwino mpaka mabatani omwe. Koma pamwamba pa kolala panali bii ngati kunsi kwa mphika, maso awiri okha ali tong'o.

"Uyu si ine," anatero, n'kukaika patebulo.

"Ndinu ndithu, achemwali. Bulauziyo si yanu?"

"Bulauzi ndi yanga. Koma kufakitale sakulemba ntchito bulauzi."

Wometa, amene ankamva zonse kudzera m'khoma la matabwa, anaseka mpaka kutsamwa. Mnyamatayo anadzikanda kumutu n'kupempha kuti abwerenso mawa. Mawa lakelo nkhope inaoneka ndithu, koma yotuwa ngati yodzola phulusa, ndipo kuzungulira mutu kunali kautsi koyera.

"Uyunso si ine. Uyu wangotuluka kumene m'chipatala. Mayi anga akamuona ayamba kulira."

"Komatu ena amakondwa akatuluka oyererako."

"Kapatseni enawo."

Pamenepo mnyamatayo anausa moyo natsegula chitseko cha kachipinda kamdima kamene ankatsukiramo zithunzi. "Lowani mudzisankhire nokha nkhope yanu, ine zandikanika." Wometa anakuwa kuseri kuja kuti chitseko asatseke, mwana wa eni ake ameneyo. Chitseko chinatsekedwa basi, poti ntchitoyo ndi dzuwa sizionana.

Munali fungo loyabwa m'mphuno, ndi kanyali kofiira kamene kankachititsa manja kuoneka ngati a munthu wina. Patebulo panali makina aatali okhala ndi babu pamwamba, amene ankaunika kudutsa m'filimu n'kugwetsera chithunzi papepala. Mnyamatayo anafotokoza kuti pamene kuwalako kwagwera nthawi yaitali, pepala limada, ndipo pamene kwagwera pang'ono limatsala loyererako. Ndiye anatenga kawaya kokhala ndi kakatoni kozungulira kunsonga, konga kasupuni. Atayatsa babu, anatchinga nako kuwala pamalo a nkhope, uku akugwedeza dzanja ngati mayi wopirikitsa ntchentche pa mwana wogona, kuti pasatsale mzere. Ukatchinga pang'ono, nkhope imamira mumdima. Ukapyola muyeso, imatuwa. Anaviika pepala m'mbale ya mankhwala, nkhope n'kuyamba kuoneka ngati munthu akuvuuka m'madzi. Anayesa, kutaya, n'kuyesanso. Potsiriza mtsikanayo anaweramira pambalepo naona masaya ake enieni, akuda bwino, osalala, ndi kachipsera ka pachibwano kamene anakatenga atagwa pa njinga ali mwana.

"Uyu ndiye ine."

Ntchito ya kufakitale anaipeza, koma sanakhalitseko. Posapita nthawi makina ake osokera anali pakhonde la situdiyo ija, ndipo mnyamatayo, amene tsopano anali mwamuna wake, ankamuitana kuti Siine. Wometa ndiye anafalitsa dzinalo, ndipo mpaka imvi anthu a m'kanjirako ankangoti a Musaphethire ndi mayi Siine.

Anakhala zaka zawo monga amakhalira anthu a m'tinjira totere. Kutsogolo makina ankalira, kumbuyo madzi ankadontha m'mbale. Anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anakulira pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, akusewera ndi timikebe ta filimu. Chithunzi chilichonse chikauma, a Musaphethire ankayamba achionetsa akazi awo asanachiike mu envulopu. Mayi Siine ankachotsa phini pakamwa, kuyang'ana kamodzi, n'kunena kuti "ndi yemweyo" kapena "si iye." Sankawonjezera mawu, ndipo sankanama, kaya m'nyumba muli mtendere kaya agona otembenukirana misana. Akati si iye, bambowo ankabwerera kumdima kuja akung'ung'udza.

Koma makasitomala ambiri sankafuna kukhala iwowo. Mkwatibwi ankanong'ona kuti, "Mundiyeretseko, achimwene." Mnyamata wotumiza chithunzi kwa chibwenzi ankafuna ziphuphu zichoke. Abwana ena anabweza chithunzi, ati mphuno yakula. A Musaphethire ankachita zimene auzidwa, poti mwini nkhope ndiye mwini mawu, koma zithunzi zoterozo sankadutsa nazo pakhonde. Ankazilowetsa mu envulopu mwakachetechete ngati munthu wobisa chakuba. Akaweruka ankakhala pampando wa makasitomala, kutsogolo kwa chinsalu chojambulidwa nyumba yosanja ndi mitengo ya maluwa, miyendo atatambasula.

"Ndatopa n'kuchapa anthu," ankatero. "Ine ndinaphunzira kujambula, osati udobi."

"Udobi nawo ndi ntchito," ankayankha mayiwo, osadzutsa mutu pamsoko.

Nkhani ya mbalame inayamba a Musaphethire imvi zitayamba kale kutuluka m'mbali mwa makutu. Anaitanidwa kukajambula antchito a kumalo osefera madzi a m'tauni, zithunzi za makhadi zomwezo, ndipo atamaliza anadzera njira yachidule ya kuseri, kumene kuli maiwe akuluakulu a simenti, ena atamera bango m'mphepete. Pa mpope wadzimbiri wodutsa pamwamba pa madzi panali patatera mbalame yakuda, ya khosi lalitali ndi mlomo wokhota kunsonga. Inali itatambasula mapiko onse awiri, ili duu ngati jekete loyanika. Mlonda wa pamalopo anati imeneyo ndi mphipi, imamira n'kukagwira nsomba pansi, ndipo poti nthenga zake zimanyowa, ikakhuta imadziyanika.

A Musaphethire anayandikira monyang'ama. Dzuwa linali kumbuyo kwawo, ndipo anaona chimene wodutsa m'njira saona: mbalameyo sinali yakuda ngati khala ayi. Nthenga za pamsana zinkanyezimira ngati mkuwa wakale, iliyonse ili ndi mpendero wake wakuda, zitasanjikizana ngati mamba a nsomba. Diso linali lobiriwira ngati galasi la botolo. Anaijambula ndi filimu imene inatsala m'kamera, nafika kunyumba ngati mnyamata amene wangololedwa kumene.

"Mayi, lero ndapeza kasitomala. Saphethira, sagwedezeka, ndipo sanandiuze kuti ndimuyeretse."

"Nanga akudyetsani chiyani ameneyo?"

Chithunzi chitatuluka, madzi ankaoneka bwino, mpope unkaoneka mpaka dzimbiri lomwe, koma pamwamba pake panali chinthu chakuda bii ngati inki yotayika. Mayi Siine anachotsa phini pakamwa.

"Ambulera yothyoka," anatero.

Loweruka lotsatira bambowo anawakakamiza akazi awo kuti akadzionere okha. Mayiwo anapita akudandaula za udzudzu ndi fungo la matope, koma mphipi itatera n'kutambasula mapiko, madandaulo onse anatha. Anaiyang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira nsalu yabwino ya m'sitolo imene sakanaigula.

"Mpendero umenewo anasoka ndani?" anafunsa motsitsa mawu, kenaka n'kudzimenya pamwendo popha udzudzu. "Tiyeni tizipita, ndasiya diresi la eni ake lili theka."

Ulendo umenewo ndi umene unabweretsa mavuto. Poti anali ataiona mbalameyo ndi maso awo, sakanavomeranso china chongofanana nayo.

Vuto lake linali loti kamera imanyengeka ndi madzi. Madzi akawala, iyo imatsinzina, ndiye mbalame imasanduka mthunzi. Ukaitsegula diso kuti ione nthenga, madzi amapserera mbee, mbalame n'kukhala ngati yaima papepala lopanda kanthu. Dzuwa la masana ndiye linkaipitsiratu. Pankafunika kuwala kwa m'mamawa, kotsika, kochokera kumbuyo kwa wojambula, makamaka kukakhala kamtambo kopyapyala, ndipo nthawi yomweyo mphipi ikhale itamaliza kusodza, itatera pafupi, msana utayang'ana koyenera. Zinthu zimenezi sizinkakonda kupangana. Kuwala kukakoma, mbalame kulibe. Mbalame ikabwera, lole ya pamalopo inkadutsa n'kuiulutsa.

A Musaphethire anagula jombo za mphira. Ankadzuka kusanache, kupalasa njinga mpaka kumaiwe, n'kubwerako dzuwa litakwera, thalauza ili matope okhaokha, makasitomala atatopa kudikira pakhonde.

"A Musaphethire, nanga ndiwo?" ankakuwa wometa, lumo lili m'manja. "Munthu kupita kumadzi kulikonseku n'kubwerako ndi pepala?"

Iwo ankangoimika njinga pakhoma. Ankalowa kumdima kuja ndi kawaya kawo. Anadula tikatoni tatsopano, kena kofanana ndi phiko, kena kofanana ndi khosi. Akatchinga kwambiri, mphipi inkatuluka yotuwa ngati nkhunda yodwala, itazunguliridwa ndi kautsi kaja. Akatchinga pang'ono, ambulera yomwe ija. Nthawi zambiri m'filimumo simunkakhala kanthu koti n'kuutsa, ndipo iwo ankati chimene filimu sinagwire, dzanja silingachibweze. Pepala likauma ankatuluka nalo pakhonde.

"Si iyo."

Tsiku lina ankamva kuti, "Yayandikira, koma si iyo." Limenelo linali tsiku lachisangalalo, moti ankadya bwino n'kuimbako mluzu.

Zaka zinapita choncho. Mayi Siine anachapa mathalauza a matope mpaka zala kuwawa. Anawadwazika malungo a udzudzu wa kumaiwe, osati kamodzi. Mapepala okanidwa anadzaza katoni pansi pa bedi, ndipo mayiwo anayamba kumadulapo mapatani a makolala ndi matumba, moti ana ambiri a sukulu a m'deralo anavala malaya odulidwa potsata msana wa mphipi, osadziwa. Chimene chinkawatopetsa kwambiri sichinali matope kapena malungo ayi, koma nkhope ya amuna awo akaima pafupi ndi makina, pepala lili m'manja, akudikira mawu awiri.

Tsiku lina bambowo anakwiya.

"Kodi inu simungangonena kamodzi kuti ndi iyo, munthu n'kupumako?"

"Mukufuna ndikuyeretseni inunso?"

Wometa, pofuna kuzimitsa moto, anasuzumira nati, "Pepani achimwene, kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono siuluka," anatero mayi Siine, n'kuponda makina.

Kenaka dziko linatembenuka. Kunabwera makina otsuka zithunzi zamitundu munthu akudikira pomwepo, pambuyo pake mafoni, ndipo aliyense anasanduka wojambula. Anthu anayamba kudziyeretsa okha ndi chala. Mankhwala otsukira anasowa m'masitolo. Wometa anamwalira, m'malo mwake n'kulowa anyamata ogulitsa zikwama za mafoni, amene sankadziwa kuti a Musaphethire ndi dzina lochokera kuti. Situdiyo inatsekedwa. Makina osokera anakalowa m'chipinda chochezera kunyumba, makina aatali aja anaima pakona atafunda nsalu, anthu n'kumapachikapo zipewa, ndipo kawaya kaja kanakagona m'dirowa limodzi ndi masupuni.

Mwana wawo uja anali atakula, ali pabanja, ndipo ankagwira ntchito pamalo osindikizira makhadi ndi zikwangwani. Iyeyo ndiye anawabweretsera kamera yopanda filimu, nawauza kuti pakompyuta mdima umachita kuutsidwa, ndipo ukalakwitsa umangobwerera m'mbuyo, osataya pepala. Bambowo anaisisita kamerayo ngati mwana wa mphaka. Koma inabwera mochedwa. Anali atayamba kale kugunda mafelemu a zitseko ndi phewa, ndiponso kugwetsa makapu oikidwa cham'mbali. Kuchipatala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa, koma mitsempha ya maso ikufa, ndipo mankhwala odontheza angochedwetsako. Mdimawo unkabwera kuchokera m'mbali, ngati munthu akumanga thumba ndi chingwe, mpaka kunatsala kabowo kakang'ono pakati, nakonso kodzaza nkhungu.

"Wina akunditchingira kuwala," ankatero, "koma ndi mmisiri woipa, sagwedeza dzanja."

Njinga anaipereka kwa mkamwini. Anakhala miyezi pampando wa pafupi ndi zenera, kamera ili pamiyendo. Mayi Siine ankaganiza kuti nkhani ya mphipi yatha, ndipo mumtima anayamika, ngakhale sanauze munthu. Nawo mawondo anali atayamba kutupa, moti kuponda makina kunkafuna kupumira. Koma m'mawa wina kusanache anadzidzimuka n'kupeza amuna awo atakhala m'mphepete mwa bedi, atavala jombo, imodzi kumwendo wosayenera.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Mundiperekeze."

"Ine mawondo anga mukuwadziwa."

"Inu muli ndi maso, ine ndili ndi mawondo. Tikaphatikizana tikwana munthu mmodzi."

Mayiwo anayang'ana mapazi a amuna awo. Kenaka anagwada movutikira n'kuwasinthitsa jombozo.

Anayamba kumakwera basi yoyamba, kutsika pa geti, n'kuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa mpanda, dzanja la bambo lili paphewa la mayi, thupi la mayi litatsamira pa bambo. Mlonda wakale uja anali atapuma ntchito, koma watsopanoyo anawazolowera, ankawatcha agogo n'kuwabweretsera kireti yokhalira. A Musaphethire ankaimika kamera pamiyendo yake itatu mopapasa. Dzuwa ankalidziwa ndi khungu: likawotha kunkhongo, ndiye kuti aima bwino. Mabatani ankawadziwa ndi zala. Mayi Siine ndiwo ankaloza, akuyang'ana pakagalasi kakumbuyo kwa kamera, magalasi awo osokera ali pamphuno.

"Kumwamba kuli bwanji?"

"Kuli mbee, kopanda mtambo."

"Nanga iyo?"

"Ili kutsidya, ikusamba. Ilibe nanu ntchito."

Masiku ambiri ankabwerera chimanjamanja. Tsiku lina mayiwo anawodzera pakireti, mphipi n'kubwera, kudziyanika, n'kupita, bambowo ali chiimire chala chili pabatani, akudikira mawu. Atamva kwa mlonda sanakwiye. Anangoti, "Nayenso wantchito amatopa," n'kuyamba kupinda miyendo ya kamera.

Nyengo yozizira italowa, a Musaphethire anayamba kutsokomola chifuwa chochokera pansi. M'mawa wina kunali kamtambo kopyapyala ngati nsalu ya neti. Atangoimika kamera, mphipi inavuuka pafupi penipeni, kukwera pampope wadzimbiri uja, kudzigwedeza, n'kutembenuzira msana kwa iwo.

"Yatambasula," ananong'ona mayi Siine. "Dinani, bambo."

Anadina, kudinanso, akumeza chifuwa mpaka misozi kutuluka. Chitawapambana n'kutuluka, mbalameyo inauluka. Pobwerera anachita kupumira pamwala uliwonse, ndipo tsiku lomwelo mwana wawo anawatengera kuchipatala. Adokotala anati mphepo ya kumadzi aileke ngati akufuna kuona dzinja lina.

Atapezako bwino, mwanayo anabwera ndi kompyuta yake masana ena n'kuiika patebulo lodyera. Bambo anawakhazika pambali pake atafunda bulangete, mayi anaima kumbuyo atagwira mpando. Zithunzi zambiri zinali zosathandiza: china chogwedera, china mbalame yopanda mutu, china madzi okhaokha. Koma chimodzi chinali chakuthwa. Mbalameyo inali yakuda ndithu, koma mumdimamo munkaoneka kuti muli kanthu.

"Iyi ndiye tiiutse," anatero mwanayo. Anakoka kachizindikiro kena pagalasipo, chithunzi chonse n'kuyera nthawi yomweyo. Mphipi inatuwa, nthenga zili timadontho ngati yawazidwa mchenga, madzi atapserera mbee. "Eya! Zonse zikuoneka tsopano. Mpaka zala."

A Musaphethire anatembenuzira nkhope kumene kunali mpweya wa akazi awo.

"Ndi iyo?"

Mayi Siine asanayankhe, mwanayo anaimirira n'kuwagwira pamkono. "Amayi, tabwerani mundithandize ketulo."

Kukhitchini anatseka chitseko n'kutsegula mpope kuti madzi aphimbe mawu.

"Ingonenani kuti ndi iyo. Sakuona. Mukati si iyo, mawa avalanso jombo, ndipo mukudziwa zimene ananena adokotala. Moyo wonse mwakhala mukukana, lero lokha vomerani. Inunso simunatope?"

Mayiwo anatsamira sinki. Anali atatopadi, kutopa kofika m'mafupa. Anaganiza za basi ya m'mamawa, za kireti yozizira, za chifuwa chija chimene chinkagwedeza bedi. Mawu awiri okha, ndipo zonsezo zikanatha. Anatseka mpope, kupukuta manja pa epuloni, n'kubwerera ali wotsimikiza kuti anena.

Anawapeza amuna awo atawongoka pampando, dzanja lamanja lili m'mwamba pang'ono pamwamba pa bondo, likugwedezeka lokha ngati lagwira kawaya.

"Ketuloyo yalemera bwanji, yofuna anthu awiri?" anafunsa bambowo. "Tanenani, mayi."

Mayi Siine anayang'ananso pagalasi paja. Chinthu chotuwacho chinawakumbutsa mtsikana wodzola phulusa amene anamukana kalekale patebulo la situdiyo.

"Si iyo," anatero. "Ndi nkhunda."

Mwanayo anadziponya pampando. "Amayi inu, koma ndiye!"

"Usawakalipire amako," anatero bambowo, ndipo mawu awo anali opepuka kuposa masiku onse a matendawo. "Wayeretsa zonse pamodzi, eti? Bwezera mmene zinalili. Madzi asiye, sanalakwe. Kodi makina akowo alibe kotchingira malo amodzi okha?"

"Kalipo. Kali ngati kaburashi."

"Kofewa m'mbali?"

"Ndikafuna kamafewa."

"Ndiye ndi kawaya kanga komweko, angokaveka suti. Yamba pamsana. Kunsi kwa phiko usakhudzeko, chakuda chizikhala chakuda penapake, apo ayi chowalacho sichioneka."

Anapapasa patebulo mpaka anapeza dzanja la mwana wawo, n'kusanjika lawo pamwamba pake. Mwanayo anausa moyo, koma sanalichotse. Manja awiriwo anayamba kuyenda limodzi, mozungulirazungulira, mopepuka. Mayi Siine anaweramira pakati pawo.

"Onjezerani. Chakumanzereko. Ayi, mwapyola, bwezaniko. Pakhosipo musiye. Onjezerani pang'ono pamapewa."

Tiyi anazizira m'makapu. Msana unayamba kuwawa mayiwo, koma sanakhale pansi. Pang'onopang'ono, monga nkhope ija inavuukira m'mbale ya mankhwala, mamba anayamba kuoneka. Nthenga iliyonse inatuluka ndi mpendero wake, mkuwa wakale uja n'kunyezimira pakati, kunsi kwa mapiko kuli bii monga kunalili. Mwanayo anakulitsa mutu n'kukhudza kamodzi kokha padiso, ndipo linayaka lobiriwira.

"Basi," anatero mayi Siine. "Chotsani manja." Anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. "Ndi iyo."

A Musaphethire sanasekerere.

"Mwana wakunyengererani kukhitchini kuja."

"Anayesa."

"Ndiye ine ndidziwa bwanji?"

"Nsonga ya phiko lamanzere yaduka, yatsala kunja kwa chithunzi. Ndiponso pampope pali zitosi, zayenderera mpaka pansi."

"Zitosizo ndikhoza kuzichotsa," anatero mwanayo.

"Usayerekeze!" anayankha onse awiri pamodzi.

Pamenepo bambowo anaseka, kuseka kumene kunathera m'chifuwa, mpaka mwanayo anachita kuwasisita pamsana. Atapuma anafunsa kuti, "Phikolo, analoza kamera ndani?"

"Ine. Ndinalembedwa ntchito ndi wakhungu, mumati zitha bwanji?"

"Ndiye ndi iyodi," anatero a Musaphethire. Anatsamira kumbuyo n'kukokera bulangete mpaka pachibwano. Dzanja lija linagona phee pabondo. "Mawa musandidzutse, mayi."

Mwanayo anakasindikiza chithunzicho kuntchito kwake, chachikulu, ndipo anachipachika pamwamba pa makina osokera. A Musaphethire anakhalanso ndi moyo kanthawi ndithu, koma kumaiwe sanapitekonso, ndipo chithunzicho sanapemphe kuti wina awafotokozerenso. Mlendo akachiyamikira, iwo ankangoti, "Phiko linaduka," n'kufunsa za kumene mlendoyo wachokera.

Koma m'mawa wotsatira tsiku la pakompyuta lija, mayi Siine anadzidzimuka kusanache monga mwa chizolowezi, mwendo umodzi uli kale pansi. Amuna awo anali m'tulo, pakamwa pali yasa, akupuma mosavutika. Jombo zinali pafupi ndi chitseko, matope atauma. Mayiwo anazinyamula, kutuluka nazo pakhonde, n'kuzigunditsa mpaka matope onse anagwa. Anaziika kuseri kwa makina aatali aja, pansi pa nsalu. Kenaka anabwerera kukagona, ndipo anadzuka dzuwa lili kale pazenera.